Nyimbo 1,000 M'thumba Lobooka

Loweruka lapitali, nditatha zaka zoposa 20 ndikusinkhasinkha za kachipangizo koimba nyimbo koyenera munthu wa msinkhu wanga, ndinatsikira kumsika ndi mtima wogula. Koma mnyamata wa pabenchi, amene mwezi watha ananditchulira mtengo wina, anatchula wina woposa pamenepo, nati mlandu ngwa dola. Sindinamtsutse, pakuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale wogulitsa bonongwe amatchula dola monga ngati ndiyo amathirira kudimba.

Kusinkhasinkha kwangaku kunayamba mu 2001, pamene a Apple anatulutsa iPod, nalonjeza kuti munthu adzayenda ndi nyimbo 1,000 m'thumba. Pomva mau amenewa ndinapisa dzanja m'thumba langa lamanzere, limene lili ndi chiboo chimene ndalama yachitsulo imadutsamo kufikira kunsapato, ndipo ndinadzifunsa kuti nyimbo zochuluka chotere zikatayikira m'minibasi ndidzazitola ndi yani. Ndinadekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 2006 a Microsoft anabwera ndi Zune, kamene kanali ndi wailesi m'kati, chinthu chimene iPod ya masiku amenewo inalibe. Ndipo mtima wanga unapendekera kumeneko, chifukwa munthu wamkulu sayenera kuphonya mauthenga achisoni. Koma taonani, pa 31 Disembala 2008 tambiri mwa tizipangizo ta Zune tinakomoka tsiku lonse, popeza chakacho chinali ndi masiku 366 ndipo ito tinangophunzira kuwerenga 365. Ndinakamvera chifundo monga mbale, pakuti nawonso malipiro anga akomoka mwezi ukatalika, koma ndinaona kuti awiri okomoka sangakhale m'thumba limodzi lobooka.

Amene anandilakwira kwenikweni ndi a SanDisk, popanga Sansa Clip, kanthu kotsika mtengo kongopanira pamalaya, kosafuna thumba konse. Kameneka ndinakada, chifukwa kanandilanda chowiringula. Mai akunyumba, amene katatu konse abwera ndi singano ndi ulusi ine n'kuwabweza, anangoti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndinawayankha mwaulemu kuti pusiyo anagwa chifukwa anali ndi ndalama yokwerera mumtengo. Zune inatha mu 2011, iPod inatsatira mu 2022, ndipo ine ndinakhuza maliro onse awiri osagulako ngakhale kamodzi.

Tsono mnyamata uja, poona nkhope yanga, anati ndisavutike, andiikira nyimbo mazanamazana m'kamemori ka foni pa mtengo wosafika wa sopo wochapira. Pamenepo kuseka kunandithera. Mwa oimba onse odzaza m'kanthuko, palibe mmodzi amene tambala ya ndalama yangayo idzamfika. Tivina nyimbo zao paukwati ndi pachinkhoswe, ndipo tsiku limene wina wa iwo adzagona m'chipatala, abale ake akupempha thandizo pawailesi, tidzapukusa mitu ndi kufunsana kuti kodi ndalama zake anadyera chiyani.

Ndinamuuza mnyamatayo zonsezi ndi mau okweza, anthu a pamabenchi oyandikana akuvomereza, ndipo nditatha kulalikira ndinamlipira, ndinalandira kamemoriko, kochepa ngati chikhadabo, ndi kukaponya m'thumba lamanzere.