Ulemu kwa Kasingano ka a Mavuto

Alakatuli atamanda kale mapiri ndi nyanja, oimba atamanda akazi okongola, andale amadzitamanda okha. Katsala kanthu kamodzi kosowa wokaimbira nthungululu, ndipo ntchitoyo ndaisenza ine: kasingano ka jakisoni wa mphaka. Kutalika kwake sikaposa chikhadabo, kuonda kwake ngati tsitsi, koma m'nyumba mwathu muno mu Manchester kachita zimene ankhoswe, abusa ndi mabwana a kuntchito analephera pa zaka 14 za ukwati wanga.

Mphaka wathu dzina lake ndi Mavuto. Ndikonze lilime: kale anali Mavuto, tsopano ndi a Mavuto, pakuti amene ali ndi dokotala wakewake ndi shelefu yakeyake m'furiji sumutchula dzina ngati mwana. Ndi aamuna, ofulidwa, a zaka 11, ndipo mpaka chaka chatha mimba yawo inkasesa pansi. Mbewa sanagwirepo chibadwire. Tinangoona mbale ya madzi ikuuma kawiri pa tsiku, mchenga wa m'bokosi lawo lodzithandizira ukusanduka matope, kudya akudya ngati dzombe koma mafupa a msana akuwerengeka. Kenako anayamba kuyenda mopondera zidendene, miyendo yakumbuyo itagona pansi ngati ya kalulu. Dokotala wa ziweto atayeza magazi, kamakina kanalemba 24, pamene mphaka wabwinobwino amasewera cha m'ma 4 mpaka 8. Ine ndinayesa kuwaikira kumbuyo, ndati mwina ndi mantha, poti mphaka akaopa shuga amakwera. Dokotalayo anavomera kuti zimachitikadi, n'chifukwa chake anali atayezanso fructosamine, mboni imene imaulula mmene shuga wakhalira milungu iwiri kapena itatu yapitayo. Mboniyo inawapachika a Mavuto. Matenda a shuga.

Chipongwe chake n'chakuti mphaka samva kutsekemera. Asayansi anasonyeza mu 2005 kuti jini imene imathandiza lilime kuzindikira zotsekemera ndi yakufa mwa amphaka, ngakhale mwa abale awo akutchire. Ine wa masipuni atatu mu tiyi ndili gwa, koma a Mavuto amene sanatafunepo nzimbe ndiwo agwa nawo. Chinawagwetsa ndi mafuta. Thupi lonenepa limaleka kumvera insulin, kapamba amalimbikira kutulutsa wambiri mpaka kutopa, shuga n'kumangoyendayenda m'magazi osalowa kumene akufunika. Nafenso tinathandizira: nyama yolengedwa kudya nyama tinkaithirira timibulu touma ta m'thumba, todzaza ufa, mbale osauma usana ndi usiku. Tinkati ndi chikondi.

Tsono mverani mbiri ya mankhwala amene kasingano kanga kamanyamula, muone ngati si aufumu. Mu 1921 ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best ankachotsa kapamba mwa agalu, agaluwo n'kudwala shuga, iwo n'kumawabaya madzi ofinyidwa ku kapamba kuti aone ngati atsitsimuke. Agalu ambiri anafera pamenepo. Mmodzi, dzina lake Marjorie, anakhala ndi moyo masiku 70 wopanda kapamba. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa insulin, ndipo mu 1923 mphoto ya Nobel inatuluka. Ndiye kuti agalu anakhetsa magazi kuti a Mavuto, amene amalusira galu aliyense wodutsa pawindo, adye zakumadzulo mwamtendere. Sizithera pomwepo. Dokotala anatiuza za mitundu iwiri yopangidwira ziweto: Caninsulin, wochokera ku kapamba wa nkhumba, ndi ProZinc, wopangidwa motengera insulin wa munthu. Galu, nkhumba, munthu, tonse tili pamzere kutumikira chona. Ndi mfumu iti ya kwathu inalandirapo mitulo yotere?

Koma chachikulu chimene ndikukatamandira kasinganoka ndi nthawi. Ine ndinabadwa m'fuko la "ndikubwera pompano". Pa ukwati wanga weniweni ndinapeza kwaya itabwereza nyimbo. Insulin sadziwa zimenezo. Amafuna maola 12 aliwonse, ndipo kwathu ndi 7 koloko m'mawa ndi 7 koloko madzulo, Lolemba ngati Lamlungu, chisanu kaya dzuwa. Mpira ukafika pokoma ine ndimadzuka n'kuvala jekete. Pa msonkhano wa Amalawi akuno, wapampando asanamalize kulonjera alendo olemekezeka, ine ndili kale pa basi. Anzanga a kumowa anayamba n'kundiseka, pano akundichitira nsanje, chifukwa palibe chifukwa chothawira pagulu choposa changa. Ukati mkazi akundidikira amakunena kuti unadyetsedwa, ukati mphaka akudikira jakisoni amangoti kukamwa yasa, n'kukupatsa njira. Mayi a kunyumba anandiyang'ana tsiku lina ndikulowa pakhomo nthawi isanakwane, n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, zaka zonsezi ndinkasala kudya kuti musinthe, osadziwa kuti chimene chinkasoweka ndi mphaka wodwala."

Kandiphunzitsanso masamu amene aphunzitsi anga anandilephera. Insulin wa a Mavuto ali ndi mayuniti 40 pa mililita imodzi, pamene wa anthu nthawi zambiri amakhala ndi 100. Aliyense ali ndi sirinji yake, ya 40 ya kachivundikiro kofiira, ya 100 ya kachivundikiro ka olenji. Ukatunga wa 100 ndi sirinji ya 40, wabaya mankhwala ochuluka kawiri ndi theka, ndipo ukhoza kukumba dzenje kuseri kwa nyumba. Tinayamba ndi yuniti imodzi, kadontho kosafika msozi wa khanda. Botolo silifuna kutentha, silifunanso kuundana. Sulikhutchumula ngati la thobwa, umalipekesa m'manja pang'onopang'ono ngati agogo akupekesa moto alibe changu.

Tsiku loyamba sindidzaliiwala. Kuchipatala ndinali nditayeserera ndi madzi, dokotala n'kundiyamikira. Kunyumba ndinatsina khungu la paphewa, n'kulikweza ngati kahema monga anandionetsera, dzanja likunjenjemera ngati la wakuba nkhuku. Ndinabaya, ndinakankha, ndinapumira m'mwamba. Posisita ndinapeza ubweya wanyowa. Singano inali italowa uku n'kutulukira uko, mankhwala onse ndathirira ubweya. Lamulo lake ndi lowawa: usabwerezenso, chifukwa sudziwa kuti walowa wochuluka bwanji, dikira nthawi yotsatira. Shuga wokwera amapha pang'onopang'ono, wotsika kwambiri amapha lero lomwe. A Mavuto pa zonsezi sanadzutse n'komwe mutu m'mbale. Amene anafunika kukhazikidwa pansi ndi kupatsidwa madzi ndinali ine.

Za kuyeza shuga ndingonena mwachidule, chifukwa khutu la mphaka ndi sukulu payokha. Kamtsempha kali m'mphepete mwenimweni, ndipo khutu lozizira silitulutsa kanthu. Umayamba walifunditsa ndi sokosi yoikamo mpunga wotenthetsa, n'kubaya, n'kudikira kadontho, mwini khutu akukuyang'ana ngati wangongole. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ilibe zikhadabo.

Usiku wina anadya pang'ono, ine osalabadira, n'kubaya monga mwa masiku onse. Cha m'ma 11 tinawapeza akudzandira ngati ochokera ku kachasu, maso ali tong'o, kamakina kakuti 2.4. Mayi a kunyumba anathamangira uchi, ine n'kuwapaka m'nkhama ndi chala, kenako ulendo wa kuchipatala cha ziweto pakati pa usiku, nditavala silipasi. Taonani nzeru za kasinganoka: kanasandutsa uchi kukhala mankhwala a wodwala shuga, ndipo kanandiliza misozi chifukwa cha nyama imene ndinkaiona ngati mlendo wosalipira lendi.

Ndinalakwitsa kuwauza amayi pafoni. Iwo ali ku Dedza, ndipo kumeneko mphaka amadzidyetsa yekha m'nkhokwe, akadwala amalowera kutchire osatsanzika. Anakhala chete nthawi yaitali, ndinayesa foni yaduka.

"Iwe, wati jakisoni? Mphaka?"

"Eya amayi, kawiri pa tsiku."

"Amagwira ntchito yanji mphaka ameneyo?"

"Amangogona, amayi."

"Usauze anthu kuno. Adzati ndi wa chizimba."

Tinaseka. Kenako anati, ngati akungopitiriza nkhani, amalume ako mwezi uno sanapite kukatenga mankhwala awo, ndalama ya minibasi inasowa. Amalume anga akhala ndi shuga zaka zambiri. Kwawo kulibe furiji, botolo lawo amalisunga mu mtsuko wokhazika pa mchenga wonyowa. Banting ankafuna kuti mankhwalawa afike kwa aliyense, ndipo amene analembetsa umwini wake anaugulitsa ku University of Toronto pa dola imodzi aliyense. Patha zaka zoposa 100, ndipo chona wa ku Manchester ali ndi shelefu m'furiji pamene mlongo wa amayi anga akuwerenga makobidi a minibasi. Pamenepa nthungululu yanga inatsamwa pakhosi. Komabe ulemu upite kwa kasingano komweko, chifukwa kanabaya pamene makalata a kumudzi sanafikepo. Tsopano tsiku logula botolo la a Mavuto ndi tsikunso lotumiza ya amalume, ndipo mayi a kunyumba ndiwo amaonetsetsa kuti ya amalume ikhale yochulukirapo.

Pano a Mavuto amadya nyama yofewa ya m'zitini, yopanda ufa wambiri, moyeza. Ludzu linatha, miyendo ikudzuka pang'onopang'ono. Sabata yatha dokotala anatiuza nkhani imene iye ankayesa yabwino. Akuti amphaka ena, akayamba insulin msanga ndi kusintha chakudya, kapamba wawo amapuma n'kuyambiranso ntchito, moti jakisoni amatha kusiyidwa, ngakhale matenda angathe kubwereranso. Manambala a a Mavuto akuloza komweko, ndipo watichepetsera kale mlingo.

Ndinathokoza mwaulemu, koma m'galimoto ndinali duu. Jakisoni akatha ndidzathawa bwanji misonkhano? Ndidzawauza chiyani anzanga mpira ukafika theka? Mayi a kunyumba anaona nkhope yanga, n'kundigwira paphewa. "Musadandaule, bambo a Chisomo. Akachira sitiuza munthu."

Tinafika kunyumba kutatsala mphindi zisanu kuti 7 koloko ikwane. Ndisanavule n'komwe nsapato, a Mavuto anatuluka m'kabasiketi kawo, anayenda mwaufumu mpaka pa furiji, anakhala pansi, n'kundipatsa msana.