Mkamwini wa ku Indiana ndi Ukazitape Wanga

Kale umalume unali ntchito ya miyendo. Mnyamata akafunsira mbeta m'mbumba mwako, unkangopopa njinga n'kupita kwawo monamizira kugula nkhuku. Dzuwa likamapendeka unkakhala utamva zonse: kuti agogo ake anali ndi dzanja lalitali, kuti bambo ake akalawa kachasu amagona m'khola, kuti mwiniwakeyo khasu amadana nalo. Palibe ankakufunsa tsiku lobadwa la munthu. Dzina la mudzi linkakwanira.

Tsono mwana wa achemwali anga, amene anapita kukaphunzira unamwino ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, wapeza mwamuna. Mumzinda umenewu mumakhala Amalawi ambiri, moti ndinkayembekezera kuti atibweretsera mnyamata wa ku Dedza kapena ku Ntcheu, woti kumufufuza kwake n'kukwera minibasi basi. Ayi ndithu, wasankha mbadwa ya komweko. Gulu la banja pa WhatsApp linagamula popanda chisankho kuti wofufuza ndine.

"Achimwene, mwinimbumba ndinu," anatero achemwali. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akuti kumeneko milandu ya anthu ili pambalambanda, aliyense akhoza kuiona. Tatiwonerani ngati sanamangidwepo."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinagula kope lachikuto cholimba, ndikulemba pamwamba pake kuti CHINSINSI, kenaka ndinalamula kuti pakhomo pasakhale phokoso. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu bambo, amene sokosi zanu ndimakupezerani ndine, mukapeze chigawenga ku America?"

Sindinawayankhe. Kazitape sakangana ndi anthu wamba.

Ndinkaganiza kuti dziko lolemera chotero lili ndi buku limodzi lalikulu, loti ukalemba dzina la munthu machimo ake onse n'kutuluka. Buku lotero, loti ine ndi inu tingalitsegule, kulibe. America ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi malamulo ake ndi makhoti ake, ndipo zigawozo zinadulidwanso m'makaunti oposa 3,000. Texas yokha ili ndi makaunti 254, Indiana 92, Delaware atatu okha. Milandu yambiri ya kuba, ndewu kapena kuyendetsa galimoto utaledzera imazengedwa ku khoti la m'kaunti mmene munachitikira zinthuzo, ndipo mafailo ake amasungidwa ndi kalaliki wa khoti komweko. Munthu akhoza kukhala mngelo kumene akukhala lero, chikhalirecho fumbi analisiya kaunti ina. Ine amene maboma athu 28 ndikamawatchula ndimafika pa 19 n'kuyambanso kubwereza Dowa, ndinapukuta thukuta.

Choncho choyamba n'kudziwa kumene munthuyo wakhalako. Ndinamuimbira mwanayo mochenjera.

"Mwana wanga, kodi anzakowo anakulira kuti?"

"Amalume, mukumufufuza eti?"

"Ayi, ndikungofuna kudziwa ngati kwawoko mvula imagwa bwino."

Anaseka, n'kundiuza kuti anakulira ku St. Joseph. Ndinalemba m'kope muja mokondwa. Chimwemwe chake sichinakhalitse. South Bend ili m'kaunti ya St. Joseph ya ku Indiana. Ukangodumpha malire kulowa Michigan, kulinso kaunti ina ya St. Joseph, likulu lake ku Centreville. Ku Michigan komweko kuli mzinda wotchedwa St. Joseph, koma usaganize kuti uli m'kaunti ya St. Joseph, uli m'kaunti ya Berrien. Ku Missouri nakonso kuli mzinda wa St. Joseph, m'kaunti ya Buchanan. Yosefe Woyera anali mmisiri wa matabwa wosauka, koma ku America anam'gawira malo mosaumira.

Mwamwayi Indiana ndi yachifundo kwa amalume osauka. Makhoti ake ali ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa MyCase, pomwe umalemba dzina la munthu n'kuona milandu yake ulere, kupatula bandulo yako imene imasungunuka uli chiyang'anire. Vuto linali dzina. Mayina a makolo ofala kwambiri ku America ndi Smith, Johnson ndi Williams, ndipo mkamwini wathuyu ali ndi limodzi mwa atatuwa. Sinditchula kuti ndi liti, ndidakafuna kudzadya mpunga wa paukwati.

Nditangodina, foni inadzaza. Ndinayamba kukopera m'kope dzanja likunjenjemera: wathyola nyumba, wayendetsa ataledzera, wakana kubweza ngongole, wasudzula, wasudzulanso. Ndinafika tsamba lachitatu ndikuyamika Mulungu kuti anapatsa mbumba yathu malume wamaso. Mayi a kunyumba anasuzumira paphewa panga atanyamula mbale ya ndiwo.

"Mlandu uwu unatsegulidwa mnyamatayo asanamere mano. Anathyola nyumba akukwawa?"

Zimenezo ndinali nditaziona kale. Ndinkangowayesa.

Chinsinsi chagona pa nambala ya mlandu, ndipo amalume anzanga mumvetsere. Ku Indiana nambalayo imayamba ndi manambala awiri osonyeza kaunti, ya St. Joseph ndi 71. Kenaka pamabwera chizindikiro cha khoti, manambala anayi a chaka ndi mwezi umene mlandu unatsegulidwa, ndiyeno zilembo zonena mtundu wa mlanduwo. Ukaona IF, pumira m'mwamba, ndi zolakwa zazing'ono monga kuthamangitsa galimoto. SC ndi kukangana pa tindalama tochepa, si upandu. CM ndi mlandu waupandu koma waung'ono. F1 mpaka F6 ndi milandu ikuluikulu, F1 woopsa kwambiri, F6 wopepukirapo. Dongosolo la F1 mpaka F6 linayamba mu 2014, ndipo milandu yakale imaoneka ndi zilembo monga FA kapena FD. Ukaona MR, imeneyo ndi yakupha, tseka foni uitanitse msonkhano wa mbumba.

Ngakhale zilembozo zikuopseze, werenga mpaka pansi. Kuimbidwa mlandu si kupezeka wolakwa. Pali mafailo ambiri amene amayamba mwaukali, koma kumapeto kwake palembedwa kuti Dismissed, kusonyeza kuti mlanduwo unathetsedwa. Amene amawerenga mzere woyamba wokha n'kuthamangira pa WhatsApp amapasula mabanja a eni ake. Ndipo popanda dzina lapakati ndi tsiku lobadwa, ukhoza kusenzetsa mwana wa eni machimo a amuna khumi osadziwana.

Zapafoni n'zongoonera. Ukafuna pepala lenileni lokhala ndi chidindo, uyenera kulipempha kwa kalaliki wa khoti la kaunti imeneyo. Umapereka dzina lonse, tsiku lobadwa, ndi nambala ya mlandu ngati uli nayo, n'kulipira pa tsamba lililonse, chidindo n'kulipiranso pachokha. Ena amalandira pempho pakalata, ena pa intaneti, ena amafuna ufike wekha. Nthawi ya ku South Bend imatsalira maola 6 kapena 7 poyerekeza ndi yathu, malinga ndi nyengo, ndiye iwo akamatsegula ofesi ife nsima yamasana yatsika kale.

Ndinavala jekete, ngakhale pafoni saona, ndikuimbira ofesi ina yotero. Anayankha mayi waulemu kwambiri. Ine monga munthu woleredwa bwino sindikanangolumphira pa nkhani. Ndinawapatsa moni, ndikufunsa za kunyumba, za ana, za kuzizira kwa kumeneko, ndikuwafotokozera pang'ono kuti kuno fetereza wakwera. Mayiwo anadikira modekha, kenaka anafunsa nambala ya mlandu. Ndisanatsegule kope, mayunitsi anatha. Mpaka lero ku America kuli mayi amene akudziwa mtengo wa fetereza ku Malawi koma sakudziwa chimene ndinaimbira.

Ndinadzitonthoza pomva kuti kwina n'kovutirapo. Ku Texas milandu ikuluikulu imasungidwa ndi kalaliki wina, ing'onoing'ono ndi winanso, m'kaunti imodzimodziyo. Ku New York, kufufuza dzina limodzi m'makhoti a chigawo chonse ndi madola 95, lipezeke lisapezeke. Ndiye palinso makhoti 94 a boma lalikulu, amene milandu yake sipezeka kwa kalaliki wa kaunti. Ili pa intaneti, pamalo otchedwa PACER, pomwe tsamba limodzi ndi masenti 10, ngakhale amakukhululukira ngati pa miyezi itatu sunapyole madola 30. Osanenanso za amalonda a pa intaneti amene amakulonjeza mbiri yonse ya munthu, n'kukuonetsa kamzere kobiriwira kakuyenda pang'onopang'ono ngati bilimankhwe, kakafika kumapeto akuti lowetsani nambala ya khadi la kubanki. Zimene amagulitsazo amatola m'makhoti omwewa, ndipo nthawi zina zimakhala zakalekale kapena za munthu wina.

Chimene chinandifooketsa mawondo ndi ichi: pali milandu imene ngakhale utavala majekete awiri sungaione. Ya ana nthawi zambiri imabisidwa. Ndipo kuyambira 2013 Indiana ili ndi lamulo lolola munthu amene wakhala zaka zingapo osalakwanso kupempha khoti kuti milandu ina ifufutidwe kapena ibisidwe, kuti apeze ntchito ndi nyumba ngati wina aliyense. Choncho foni ikadzaza sindiye kuti wagwira mbava, ikakhala mbee sindiye kuti wapeza mngelo. Bungwe la FBI lili nayo mbiri yochokera m'zigawo zosiyanasiyana, koma woipempha ndi mwiniwake yekha, ndi zidindo za zala zake ndi madola 18. Ukazitape wanga wonse unathera pa nzeru imene agogo ankaidziwa osagula bandulo: ukafuna kudziwa munthu, khala naye pansi umufunse.

Tinakumana pa vidiyo, mbumba yonse ili pamzere. Mnyamatayo anayamba ndi "Muli bwanji, amalume," mawu akupunthwa koma ulemu wokwanira. Nditazungulirazungulira n'kufika pa nkhani, sanakwiye. Anati ali ndi IF imodzi ya liwiro, analipira kalekale, ndipo pepala la FBI aitanitsa yekha. Ndinagwedeza mutu mwaufumu. Kenaka anawonjezera kuti mayi akenso akufunsa: iwo angafufuze kuti za banja lathu?

Ndinakonza kolala. Ndinamuuza kuti ife ndi banja lopanda banga, ndipo dzina langa silipezeka m'buku la khoti lililonse pansi pa thambo. Apo m'pamene azakhali a kumudzi, amene chiyambire msonkhano ankalimbana ndi foni yobwereka, anapeza potsegulira mawu.

"Iwe, nanga mbuzi ija?"

Nkhani ya mbuziyo ndi ya nthawi ya Kamuzu, ndipo ndanena kambirimbiri kuti inkanditsatira yokha. Anyakwawa anagamula, malemu bambo analipira, nkhani inatha. Palibe pamene inalembedwa. Koma azakhali anaifotokoza yonse, mtundu wa mbuzi, chingwe chake, ndi malaya amene ndinavala tsikulo, mwana wa achemwali akumasulira mokhulupirika mawu ndi mawu, mkamwini akulemba.

Ku Indiana munthu akasintha, khoti limatha kumufufutira zakale. Kwathu mlandu suola, ndipo azakhali salandira apilo. Ndamutuma mwanayo akafunse ngati lamulo la 2013 lija limathandizako anthu akunja. Akafuna tsiku lobadwa la mbuziyo asadandaule, azakhali akulidziwa.