Abwana, Mimbayo Sindinaiike Ndine

Loweruka lapitali, pa ukwati wina ku Limbe, bambo wina wa suti anandilanda kope langa, kuliyang'ana ali tsinya, kenako n'kundifunsa ngati ndili ndi ana. Nditavomera anapukusa mutu. "Ndiye mumawadyetsa ndi zimenezi, achimwene?"

Mlandu wanga unali woti ndinawajambula ndi pensulo mmene analili. Batani lachitatu la malaya linali pa ntchito yakalavulagaga, ulusi ukuchita kulira. Tayi anagona pamwamba pa mimba n'kuthera panjira, lamba osamuona n'komwe. Makiyi a galimoto anali lendelende pa chala, akugwedezedwa kuti ngakhale ophika kuseri adziwe kuti abwana sanabwere pa kabaza. Mimbayo inadya theka la tsamba, ndipo mutu ndinachita kuupemphera malo pakona.

Ine ndimayenda ndi kope mu mzinda wa Blantyre kujambula anthu pomwe ndawapeza. Malo abwino koposa ndi pa Wenela, chifukwa munthu wodikira kuti basi idzaze sathawa. Amayi ogona atatsamira thumba la chimanga, chitenje chitaphimba kumaso, mutha kuwajambula mpaka zikhadabo. Mu msika wa Limbe ndi nkhani ina. Amayi a tomato akangoona pensulo ikuyenda amayamba ndi funso lakuti, "Mukufuna mupite nacho kwa sing'anga?" Mukawaonetsa, mantha onse amatha, ayamba kulamula: khosi litalike pang'ono, duku likhale latsopano lija anasiya kunyumba, ndipo mulu wa tomato mugule musanachoke.

Ku Kamuzu Stadium, tsiku lomwe Bullets ikumenyana ndi Wanderers, musayerekeze. Mwangoyamba mphuno ya wochemerera wodzipaka utoto wofiira thupi lonse, chigoli chalowa, wina wakugundani chigongono, mphuno ija yafika kunsi kwa tsamba. Mwini wake akaiona amati ndinu wa Manoma ndipo mwachita dala.

Koma onsewa ndimawakhululukira. Amene andikwana ndi akatswiri oima kumbuyo. Sachedwa, mphindi ziwiri zokha khamu launjikana ngati pagwa ngozi ya minibasi, mpweya wawo uli pakhosi panu. Munthu amene chijambulireni chake ndi mapu a Malawi ali sitandade 5, nyanja n'kuiika ku Mchinji, ndiye amakhala mkulu wa ulangizi. "Khutu lakula." "Diso linalo lili kuti?" Likhale kuti, munthuyo wayang'ana kumbali? Wina amaloza ndi chala cha mafuta a chipisi, chidindo n'kutsala pachipumi pa gogo amene ndamuvutikira ola lathunthu. Wina amatulutsa foni, thwa, n'kundionetsa monyadira. "Mwaona? Changa chatha kale."

Ndipo akatswiri enieni ndi abwana a makiyi aja. Iwo safunsa mtengo, amafunsa ngati ndikuwadziwa. Amafuna nkhope yaulemu ngati ya Kamuzu pa K5000, dazi libwerere tsitsi, zibwano zitatu zisanduke chimodzi, zonsezo ulere, poti akuti akanditchukitsa kwa anzawo ku ofesi. Anthu omwewa nthawi ya perekaniperekani amakasinthitsa ndalama kukhala ma K50, n'kumaponya imodziimodzi, kuvina nyimbo zitatu, Inkosi Gomani akungogwa m'lichero mwakachetechete. Akamachoka pabwalo thukuta lili kamukamu, mungayese agulira akwati nyumba ku Namiwawa. Mukawerenga, sizikwana nkhuku.

Zikandifika pakhosi ndimakakhala pa kapinga wa tchalitchi cha St Michael and All Angels n'kumajambula njerwa. Chakhala chili chiimire kuyambira 1891, ndipo sichinandiuzepo kuti ndichichepetse m'chiuno. Kumenekonso amandipeza, koma kawirikawiri amakhala ana a sukulu, omwe amaonerera pakamwa pali yasa kenako n'kupempha pepala limodzi. Amenewo ndimawapatsa ndi pensulo yomwe.

Akuluakulu nokha, tamvani mitengo yatsopano kuyambira mwezi wamawa. Kuima kumbuyo kwanga ndi K200. Kupereka ulangizi ndi K1000 pa khutu lililonse. Wogwira pepala ndi zala za chipisi agula kope lonse, ndipo ma K50 sindilandira.