Ukayenda Siya Phazi, Koma Lako Lomwe?

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Achemwali anga, namwino pa chipatala china kuno ku Luangwa, amaukonda mwambiwu pa chifukwa cholakwika. Akaweruka pa naiti amafika akutsimphina, n'kukhala pakhonde, amvekere: "Achimwene, likanakhala lomasula ngati tayala la njinga, ndikanalisiyadi kuwodi."

Ndimawamvetsa. Boma lathu, lomwe kale linkatchedwa Feira, lili pansi penipeni pa dziko la Zambia, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Mu Okutobala dzuwa la kuno limaotcha mpaka buluzi amapempha mthunzi kwa mlambe. Tsono tangoganizani phazi, lokhala ndi mafupa 26, litatsekeredwa mu nsapato maola 12, likuponda simenti. Pofika mmawa limakhala litafufuma ngati chitumbuwa.

Anthu amati anamwino ena ndi apakamwa. Ine ndafufuza ndithu, ndipo ndapeza kuti pakamwa sipalakwa. Mlomo ndi mneneri chabe, mwini nkhani ndi chidendene. Nthawi ya 8 koloko usiku namwino amati, "Pepani agogo, jekeseni sapweteka." Ikamakwana 4 koloko mbandakucha, nsapato itayamba kuluma, yemweyo amati, "Tembenukani, sindigona pano!" Mtima ndi womwe uja, chasintha ndi kukula kwa phazi.

Ku Lusaka ukhoza kusiya mlomo n'kusowa m'chigulu. Kuno ayi. Amene unamukalipira usiku ndiye ukam'peza akugulitsa nsomba pamsika. Wodwazika amene unam'thamangitsa m'wodi ndiye akupalasa bwato lokuolotsa kupita ku Zumbo, pakati pa mvuu. Pamenepo mlomo sukutsata chabe, ukhala nawe m'bwato momwemo.

Choncho wofuna kusunga mlomo ayambe ndi phazi. Munthu ukangoima njo, magazi amaunjikana m'miyendo, chifukwa akatumba ndiwo amawakankhira kumtima, ndipo amatero pokhapokha ukamasuntha miyendo. N'chifukwa chake poyembekezera kuti diripi ithe, achemwali amanyang'ama pa zala, kutsika, kunyang'amanso, kakhumi. Odwala amayesa akusuzumira pawindo.

Nsapato gulani madzulo, mapazi atatupa kale. Yogula mmawa pa salaula, ija wogulitsa amalumbira kuti idzatamuka, sitamuka, chimatamuka ndi ukali wanu. Kutsogolo kutsale malo okwana chala chachikulu cha kumanja, chidendene chikhale chachifupi, pansi pofewa. Za gogoda zisungireni ukwati. Mukhale ndi mapeyala awiri osinthanitsa kuti ina izipuma n'kuuma thukuta, pakuti nsapato nayonso ili ndi ufulu wa ofu. Sokosi zikhale zouma, zosintha tsiku lililonse. Amene mitsempha yayamba kutupa afunse za sokosi zothina zija zothandiza magazi kukwera.

Mukafika kunyumba, sambitsani mapazi, pukutani bwino pakati pa zala, poti chinyontho ndicho chimabala zilonda zoyabwa. M'ming'alu ya zidendene pakani Vaseline. Zikhadabo wengani mowongoka kuti zisalowe m'mnofu. Kenako gonani chagada, miyendo pakhoma, mphindi 15, mbale ya masau pambali. Apongozi akalowa mwadzidzidzi, auzeni kuti ndi mankhwala.

Koma chonde, kuviika mapazi ndi m'beseni. Wina angaone madzi ozizira a Zambezi n'kuganiza zokhala pagombe, miyendo m'madzi. Ng'ona za kuno mwambi uja zimaudziwa, ndipo zimaumasulira monga achemwali anga: wayenda, siya phazi.

Ndipo chidendene chikamabaya poponda koyamba mmawa, masabata n'kumapita, namwino naye akaime pamzere aonane ndi dokotala. Paja sing'anga sadzimeta yekha, ngakhale lumo ndi lake.

Dzulo ndinapeza achemwali miyendo ili pakhoma, akuyamwa masau. Ndinati, "Achemwali, mwasiya chiyani kuwodi lero?" Anati, "Phazi, achimwene. Mlomo ndabwera nawo, ndipo ukapanda kunditungira madzi a m'beseni, uyambira pa iwe."