Madzi saiwala khwawa, ngakhale ku Indiana

Agogo akamati madzi saiwala khwawa, ndinkaganiza kuti akunena za amalume, amene ankasiya kachasu Lamlungu lililonse n'kuyambiranso Lachiwiri. Sindinkadziwa kuti mwambiwu udzanditsatira mpaka ku South Bend, n'kundipeza pakati pa usiku nditavala kabudula, madzi akulekeza m'akakolo.

Nyumba zambiri kuno zili ndi chipinda chokumbidwa pansi, chomwe eni dziko amati basement. Ife Amalawi tinachisandutsa nkhokwe. M'menemo ndi mokhala zikwama, nsapato zodikira kontena yopita kumudzi, ndi ufa woyera umene munthu amaubisa ngati ndalama. Pakona pa chipindacho pali dzenje losonkhanitsa madzi ochokera m'mapaipi ozungulira maziko a nyumba, ndipo m'dzenjemo mumakhala pampu. Madzi akakwera, kachoyandama kamakwera nawo, pampu n'kuyamba kuwalavulira panja. Nzeru yabwino ndithu, kungoti pampuyo imadya magetsi, ndipo mphepo yobweretsa chimvula ndi yomweyonso imagwetsera mitengo pa mawaya. Mlonda wathuyu amagona tsiku lomwe mbava zapangana kubwera.

Ine za kuthima kwa magetsi ndinkati ndinazisiya pa bwalo la ndege.

"Bambo, tadzukani," anatero mayi akunyumba usiku umenewo, tochi ili m'manja. "Pansi paja pali nyanja."

Ndinapeza chikwama chachikulu chikuzungulira pang'onopang'ono ngati bwato losowa mwini, nsapato imodzi ikuchilondola pambuyo. Ufa wa makilogalamu 10 unali utaphika wokha phala lozizira. A inshulansi anandiyankha mwaulemu wonse kuti madzi osefukira m'dzenje la pampu salipiridwa pokhapokha munthu atawonjezeratu ndalama yapadera. Ulemu wawowo sunaumitse ngakhale sokosi imodzi.

Komatu madziwo sanalakwe. Kumwera chakumadzulo kwa mzinda uno ndi kumene umayambira mtsinje wa Kankakee, womwe kale unkayenda mokhotakhota m'dambo la maekala pafupifupi 500,000. Anthu anakumba ngalande, kuwongola mtsinje, kuumitsa dambo, n'kudzala chimanga. Mapu anasintha, koma madzi sawerenga mapu. Mu February 2018 mvula itagwa pa chipale chofewa chomwe chinali chikusungunuka, mtsinje winanso wa kuno, wa St. Joseph, unakwera kufika mapazi 12.7, msinkhu umene unali usanalembedwepo, ndipo madzi anapita kukaona malo a makolo awo m'zipinda za anthu. Sanagogode. Kwawo munthu sagogoda.

Pulambala amene ndinamuitana anati mankhwala ake ndi pampu yachiwiri. Mayi akunyumba, amene mawu oti "wachiwiri" safuna kuwamva pakhomo pano, ulendo uno anavomera msanga. Yachiwiriyo imakhala m'dzenje lomwelo, koma kachoyandama kake amakakweza pang'ono kuti izidzuka pokhapokha yaikulu ikalephera. Imayendera batire ya mavoti 12 yokhala m'bokosi lake pamalo okwera, ndipo ikayamba ntchito imaliza kabelu kokwiyitsa kuti nyumba yonse idziwe. Pa paipi pali valavu yoletsa madzi kubwerera m'dzenje, chifukwa madzi ukawatulutsa pakhomo amacheuka. Ndipo kunjako paipi iyenera kukatayira kutali ndi khoma, apo ayi mukhala mukupopa madzi amodzimodziwo usiku wonse, ngati ngongole ya katapila. Iliponso ina yosafuna batire, yoyendera mphamvu ya madzi a m'mipope ya mzinda, koma mtima wanga unakana zothamangitsa madzi aulere ndi madzi olipira.

Batire nayo imakalamba pakatha zaka zitatu kapena zisanu, mwakachetechete, osatsanzika. Choncho miyezi ingapo iliyonse ndimazula pulagi ya pampu yaikulu, n'kutsika masitepe ndi ndowa yodzaza kukathira m'dzenje, kuti ndione ngati wachiwiriyo ali maso. Munthu ndinakwera ndege zitatu kuthawa kusenza ndowa.

Tsiku lina ndinaonetsa amayi anga zonsezi pa WhatsApp. Anayang'anitsitsa dzenje lija, madzi ali mbee m'menemo, kenako anafunsa kuti amapita kuti akapopedwa. Ndinati amakatayika pa kapinga kuseri.

Anakhala chete kanthawi.

"Mwanawe, chitsime chili m'nyumba, ndiye walemba makina awiri oti azitaya madzi? Nanga dimba unalima?"