Malangizo kwa Madala Amene Aganiza Zoyamba Kupalasa Kayaki

Mwapuma pantchito, penshoni yatuluka, ndipo dokotala wanena kuti bipi ndi shuga sizitsika ndi kukhala pakhonde. Anzanu agula ng'ombe, ena atsegula chigayo. Inu mwasankha kayaki. Palibe kanthu, madala, tikuthandizani.

Dziwani kaye kuti kabwatoka sikanapangidwire inu. Anakayambitsa ndi Ainuit, anthu a kumadera ozizira monga Greenland ndi Alaska, amene ankalumikiza timitengo kapena mafupa n'kukutira ndi zikopa za nyama zam'nyanja. Mlenje aliyense ankapanga kake poyeza thupi lake. Kanu ndi ka pulasitiki, ndipo fakitale imene inakaumba sinamvepo za mimba yanu. Choncho pemphani kaja kokhala pamwamba, osati kolowetsa miyendo m'kati. Kulowamo n'kosavuta, koma potuluka pamafunika anyamata awiri ndi pemphero.

Malo abwino oyambira ndi Cape Maclear ku Mangochi, m'paki ya nyanja imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Madzi ake ngoyera, mbuna zimaoneka ndi maso, chilumba cha Thumbi chili pafupi. Vuto ndi anthu a m'mudzi wa Chembe. Kumeneko mwana amagwira nkhafi asanadziwe kulemba dzina lake, ndipo asodzi amachezera panyanja ndi nyali kusaka usipa, kukacha n'kubwerako ndi ndiwo komanso fizi ya ana. Inu mukalipira ndalama kuti mupalase dzuwa lili paliwombo, mubwereko chimanjamanja. Akakufunsani kuti ukonde mwausiya kuti, musayese kufotokoza zoti mukupumitsa maganizo. Ingonenani kuti ndi dokotala wakutumani. Matenda amawamvera chisoni, koma misala amaiseka.

Nkhafi ya kayaki ili ndi mapeni mbali zonse ziwiri, kuti munthu azilakwitsa kumanja ndi kumanzere mofanana. Aphunzitsi amati mphamvu izichokera m'chiuno ndi pamimba, thupi lizipotoloka, manja azingotsatira. Malangizowa ngoona, kungoti chiuno chanu chinasiya kupotoloka kalekale, m'masiku a Kamuzu. Ola loyamba muzingozungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yachitopa. Mukwiyire nkhafi, mukwiyire mafunde, ndipo ngati akazi anu akhala kumbuyo m'kayaki ya anthu awiri, wolakwa wapezeka kale.

Jekete yoyandamitsa ija valani ndi kumanga zingwe zonse, ngakhale zidzukulu zikuseka. Zoti munkasambira padamu muli mnyamata zisungeni, mukakambe pamaliro a ena. Nyanjayi pena imazama mamita 700.

Tsopano za mwera, ndipo apa chotsani nthabwala pang'ono. Mphepo ya kummwerayi imalimba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo nyanja imene inali bata pamene mumamwa tiyi imatha kuwinduka musanamalize kujambula. Nyamukani m'mamawa, tsatani m'mbali mwa gombe, yambani molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, mikono italema, izikukankhani kumka kumtunda. Mukagubuduka gwiritsitsani bwato, chifukwa bwato silimira ndipo limaonekera patali kuposa dazi lanu. Mukaona asodzi onse akokera mabwato awo pamchenga, musati mwapeza mpata wokhala nokha panyanja.

Mukaona timakutu tiwiri tikutuluka m'madzi pafupi ndi bango, imeneyo ndi mvuu, ndipo siidziwa kuti munali bwana ku Capital Hill. Za mumtsinje wa Shire cha ku Liwonde musaziganize n'komwe. Ng'ona zakumeneko zilibe zaka zopumira pantchito.

Ana anu akayamba zoti mwakalamba, atchulireni Aleksander Doba wa ku Poland, amene anawoloka nyanja ya Atlantic pa kayaki katatu, komaliza mu 2017 ali ndi zaka 70. Mukafika pamenepo sinthani nkhani msanga. Asafufuze n'kupeza kuti mkuluyo anayamba kupalasa ali ndi zaka za m'ma 30, komanso kuti anamwalira mu 2021 pamwamba pa phiri la Kilimanjaro, kusonyeza kuti anali munthu wosamva kamwa la abale.

M'mawa mwake mapewa akana kukweza kapu. Zimenezo zimatha. Chimene sichitha chokha ndi likodzo, lomwe tizilombo take timaswana m'nkhono za m'madzi osazama, momwe inu munakhala mukugweramo tsiku lonse. Pakapita milungu ingapo pitani kuchipatala akakuyezeni, ndipo ngati alipeza akupatsani mapiritsi a praziquantel molingana ndi kulemera kwa thupi lanu, ndiye kuti sikelo iulula zonse. Pamzerepo mukhala ndi ana a sitandade 4. Namwino akafunsa kuti mwaperekeza mdzukulu uti, yankhani motsitsa mawu.