Usiku Womwe Ndinaloza Aneba Chala

Mabuku a Philip Kerr ndinawadziwira pakhonde la sitolo ina mu Limbe, pomwe mnyamata wina amayala mabuku akale pansi. Ndinatola limodzi lonenepa, lothothoka chikuto, lotchedwa Berlin Noir, lomwe m'kati mwake muli nkhani zitatu za munthu mmodzi, Bernie Gunther. Iyeyu ndi wapolisi wofufuza milandu amene anasiya ntchito ku likulu la apolisi la ku Alexanderplatz chipani cha Nazi chitalanda boma mu 1933, n'kuyamba kudzigwirira yekha. Nkhani yoyamba, March Violets, inatuluka mu 1989 koma ikuchitika mu 1936, mzinda wa Berlin ukukonzekera masewera a Olympics, zikwangwani zonyoza Ayuda zikuzulidwa kwa kanthawi kuti alendo asazione. Ntchito yomwe imamudyetsa Gunther ndi yofunafuna anthu osowa, ndipo m'zaka zimenezo anthu ankasowadi. Mpondamatiki wina wa mafakitale a zitsulo, Hermann Six, akumulemba ganyu yofufuza mkanda wa dayamondi womwe unabedwa usiku umene mwana wake wamkazi ndi mkamwini wake akuti anaphedwa. Pofika kumapeto, mkandawo wamufikitsa Gunther m'ndende ya Dachau.

Chomwe chinandigwira mtima si mkanda ayi. Ndi funso lomwe lili pansi pa mabuku onsewa: kodi munthu angasake bwanji chigawenga chimodzi m'dziko lomwe wakupha wamkulu ndi boma lenilenilo? Mu The Pale Criminal, nkhani ya mu 1938, Reinhard Heydrich akumukakamiza Gunther kubwerera ku polisi kuti agwire munthu wopha atsikana, pamene ena m'chipani akufuna kuti mlanduwo ugwere Ayuda. Ine ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Ndikukumbukira khadi ya chipani ikufunsidwa pakhomo la msika, komanso bambo anga akutsitsa mawu akamva mapazi kuseri kwa nyumba. Choncho mantha a m'mabukuwa sanali achilendo kwa ine, ngakhale kuti zomwe zinachitika ku Germany n'zazikulu moti sizingayerekezedwe ndi zathu.

Kuchoka pa Kerr ndinapita kwa Volker Kutscher, mlembi wa ku Germany konko, yemwe wapolisi wake, Gereon Rath, akufika mu Berlin kuchokera ku Cologne mu 1929. Apa Hitler sanalowe m'boma. Chipani chake chinali chitapeza mavoti 2.6 pa 100 alionse mu 1928, koma mu 1930 chinafika pa 18.3, ndipo mu Julaye 1932 pa 37.3. Wowerenga akudziwa komwe zikulowera, anthu a m'bukumo sakudziwa, ndiye mtima umangoti phaphapha pa tsamba lililonse. M'mabuku a Kutscher ndi momwe ndinakumana ndi Ernst Gennat, munthu weniweni, mkulu wa nthambi yofufuza milandu yakupha yomwe anaikhazikitsa mu 1926. Anali wonenepa kwambiri, wokonda makeke, wodana ndi kumenya oganiziridwa milandu. Chida chake chinali kulemba. Ankasunga makadi a milandu mwadongosolo, ndipo anakonzetsa galimoto yapadera yonyamula zipangizo zofufuzira kupita nazo pamalo a imfa. Ndinamusirira bamboyu. Ndinayamba kukhulupirira kuti munthu wopenyetsetsa, wolemba chilichonse pa nthawi yake, sangalakwe.

Chaka chomwe ndinkawerenga mabukuwa, m'dera lathu munavuta mbava. Zinkaboola makoma usiku, kunyamula ma TV, matilesi, ngakhale mapoto a pamoto. Pa mdadada wathu wa nyumba za lendi panafika mlendo, bambo wachikulire ndithu, yekhayekha, n'kulowa nyumba yakumapeto. Moni wake unali waufupi. Masana onse makatani anali otseka. Kukada, ena tikubwerera kwathu, iye ndiye ankatuluka ndi chikwama chachikulu, n'kubwera m'bandakucha chikwamacho chitafufuma. Akafika ankazungulira kuseri n'kuyatsa kamoto, kutentha zinthu zomwe sindinkaziona bwino. Loweruka ndi Lamulungu kunkabwera anthu osiyanasiyana, osakhalitsa, ena akumusiyira envelopu m'manja.

Ndinagula kabuku kofiira ku golosale n'kuyamba kulemba. Nthawi yotuluka, nthawi yobwera, maonekedwe a alendo, masiku omwe sanabwere n'komwe. Ndinajambulamo ngakhale mapu a mdadada wathu, zitseko ndi mawindo, ndi njira yodutsa kuseri. Akazi anga anakaona kabukuko n'kundiuza kuti, "Bambo a kwathu, ngati munthuyu akukudetsani nkhawa, kamuoneni, mumutengere ndiwo. Izi mukuchitazi si zabwino." Ndinawayankha kuti wakuba safunsidwa. Mumtima ndinkadziona ngati mtetezi wa mdadada wonse, ndipo ndinkayembekeza tsiku lomwe anthu adzandithokoze.

Usiku wina magetsi atazima ndinaganiza zomutsata. Ndinavala jekete lakuda, kabuku ndi tochi m'thumba. Munthuyo ankayenda mwachangu, mwa munthu wodziwa njira yake, ndipo titadutsa pamsika n'kulowa m'tinjira ta pakati pa nyumba, anandisowa. Ndinanjuta kuseri kwa mpanda wina wa njerwa kuti ndimvetsere mapazi. Mapazi ndinawamvadi, koma anali a anyamata olondera m'dera usiku, atanyamula zibonga.

"Madala, mukutani apa usiku uno?"

Pakamwa panga panauma. Ndisanayankhe, mbama inali itagwa kale. Anandikhazika pansi, kundivula nsapato, kupisa m'matumba. Wina anaunika kabuku kaja ndi foni n'kuyamba kuwerenga mokweza: nthawi yomwe nyumba imakhala yopanda munthu, mapu a zitseko, njira ya kuseri. Wenzulo inalira. Anthu anatuluka m'nyumba ndi zitenje m'khosi, ena ndi miyala. M'dera limenelo sindinkadziwika ndi aliyense. Ndinamva mawu a mayi wina akuti awa ndi omwe anatibera sabata yatha, kenaka mawu a mwamuna kumbuyo akufunsa ngati pali yemwe ali ndi petulo.

Apa ndi pomwe pali tchimo langa. Ndikanatha kunena kuti ndiperekezeni kwa amfumu a kwathu, kapena imbirani akazi anga. Sindinatero. Ndinakuwa kuti, "Achimwene, ine sindine wakuba! Ndikutsata wakuba! Zomwe mukuwerengazo ndi za iyeyo, ndikakulozerani nyumba yake!" Ndinanena motsimikiza zinthu zomwe ndinalibe nazo umboni, chifukwa ndinkafuna kuti manja aja achoke pa ine apite pa wina.

Anandiimiritsa, n'kundiyendetsa wopanda nsapato mpaka pa mdadada wathu, gulu likukula m'njira. Ndinaloza chitseko chakumapeto. Anachiswa ndi mwala waukulu. M'nyumbamo munalibe TV ngakhale imodzi. Munali mphasa, mbaula, ndowa, zofunda zonyowa zitayanikidwa pa chingwe, ndi chitini cha mkaka momwe munali maenvelopu a ndalama. Wina anati ndi ndalama zogulitsira katundu wakuba. Chitinicho chinadutsa m'manja ambiri usiku umenewo, ndipo kutacha munalibe kanthu.

Ena anatsalira kumudikirira. M'bandakucha atatulukira ndi chikwama chake, anamugwera asanafike n'komwe pakhomo. Ndinaona ndi maso angawa munthu wamkulu akugwetsedwa m'fumbi, magazi akutuluka m'kamwa. Yemwe anamupulumutsa ndi mayi eni nyumba, omwe analowa pakati n'kukhuthula chikwama chija pansi kuti onse aone katundu wakubayo. Munatuluka zofunda zodetsedwa za wodwala, kontena ya phala, matewera a akuluakulu okulungidwa m'jumbo, ndi buku la kuchipatala. Mwana wake wamwamuna anachita ngozi ya njinga yamoto n'kuvulala msana, ndipo anali chigonere m'chipatala. Masana ankamudikirira ndi mlongo wake, usiku bambo ake. Bamboyu anachoka kumudzi n'kudzachita lendi pafupi kuti aziyenda wapansi. Makatani ankatseka chifukwa masana ndiyo inali nthawi yake yogona. Zomwe ankatentha kuseri zinali matewera aja, posafuna kuti mwana wake, mnyamata wamkulu wapabanja, achite manyazi anthu akadziwa. Maenvelopu anali zopereka za achibale ndi a mpingo wake.

Gulu linabalalika mwakachetechete, aliyense kulowera kwake ngati nkhuku zoona kabawi. Ndinatsala ine.

Madzulo ake tinakhala pabwalo la amfumu. Bamboyo, mlomo uli wotupa, anapempha kuti aone kabuku kaja. Anakawerenga tsamba ndi tsamba, osafulumira. Atafika pena anaika chala n'kunena kuti, "Aneba, apa mwalemba kuti sindinabwere ndipo mwadula mzere kunsi kwake. Limeneli ndi tsiku lomwe mwana wanga anamulowetsa ku fiyeta. Ndinagona pa benchi." Anatembenuza tsamba. "Uyu mwamulemba kuti wamtali wa chipewa, wokayikitsa, ndi m'busa wathu." Sanakweze mawu. Zonse zomwe ndinalemba zinali zoona, nthawi zake zolondola, koma panalibe chimodzi chomwe ndinachimvetsa.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti mabuku omwewo anali atandichenjeza kale. Eric Ambler, yemwe ankalemba chipani cha Nazi chili m'boma, anatulutsa Epitaph for a Spy mu 1938. Mwini nkhani ndi Josef Vadassy, mphunzitsi wa zilankhulo wopanda dziko lomutcha lake, amene ali patchuthi kugombe la kumwera kwa France pomwe m'kamera yake mukupezeka zithunzi za malo a asilikali a pamadzi a ku Toulon. Pofuna kudzipulumutsa akuyamba kuzonda alendo anzake a pa hotela, ndipo mmodzi mwa omwe akuwakayikira kwambiri ndi mwamuna wa ku Germany wosalankhulalankhula, wogwiritsa ntchito dzina labodza. Kenaka zikudziwika kuti munthuyo, Schimler, ndi wotsutsa chipani cha Nazi yemwe anazunzidwapo m'ndende zawo, ndipo akubisala kuti asaphedwe. Buku limeneli ndinaliwerenga miyezi yochepa mlendo wathu asanafike. Ndinamumvera chisoni Schimler, n'kutseka buku, osatolapo kanthu.

Nditachira mabala ndinabwerera ku mabukuwa ndi maso ena, ndipo ndinayamba kuona anthu omwe kale ndinkangowadumpha: woyang'anira nyumba woima pa masitepe, mayi wosuzumira pa windo, mnzako wa kuntchito wokumbukira nthabwala yomwe unanena. Hans Fallada, mu Every Man Dies Alone ya mu 1947, anawaika anthu otere m'nyumba imodzi yosanja ya mu Berlin, momwe banja lina lachikulire likulemba makadi otsutsa Hitler n'kumawasiya m'makonde a nyumba za ena. Nkhaniyi anaitenga pa banja lenileni, Otto ndi Elise Hampel, omwe anaphedwa ku ndende ya Plötzensee mu 1943. Ambiri mwa makadi awo, anthu omwe anawatola anathamangira nawo okha ku polisi. Katswiri wa mbiri yakale Robert Gellately, atafufuza mafayilo a Gestapo a ku Würzburg omwe anapulumuka pa nkhondo, anapeza kuti apolisi achinsinsiwo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu omwe ankawayang'anira. Milandu yambiri yokhudza kucheza ndi Ayuda inkayamba ndi anthu wamba okaneneza anzawo, ena chifukwa cha nsanje, ena mantha, ena pofuna kuoneka nzika zabwino. Kuyambira mu Disembala 1934 kunalinso lamulo lolanga mawu onyoza boma ndi chipani, lomwe linapatsa aliyense wokhala ndi khutu mphamvu pa mnzake.

Anyamata olondera aja si Gestapo, ndipo sindikuwaimba mlandu wanga. Anali anthu otopa ndi kuberedwa. Koma mbali yanga pa usiku umenewo ndikuidziwa. Powerenga ndinkadziika pa Gunther kapena pa Gennat, pomwe zochita zanga zinali za munthu wa pa masitepe uja. Gennat ankalemba pambuyo poti mlandu wachitika ndipo mtembo ulipo. Ine ndinayamba ndi munthu, n'kumamufunira mlandu.

Amfumu anagamula kuti ndikonzetse chitseko ndi kubweza ndalama zomwe zinasowa m'chitini. Bamboyo sankadziwa kuchuluka kwake kwenikweni, choncho anatchula zochepa zomwe ankazikumbukira, ndipo ndikukhulupirira kuti zinali zoposa pamenepo. Ndinagulitsa njinga yanga n'kutenganso ngongole ku banki m'khonde ya akazi anga. Ndinapempha amfumu kuti pa msonkhano wa m'dera andipatse mpata, ndipo ndinaima n'kunena pamaso pa anthu kuti bamboyo ndi wosalakwa, wabodza ndinali ine. Anthu omwe anabwera kudzamva zimenezi anali ochepa kuyerekeza ndi omwe anabwera kudzaswa chitseko. Mpaka lero alipo ena pamsika omwe amati utsi sufuka popanda moto, ndipo ana ankamuloza akamadutsa.

Mwezi utatha anasamuka. Nyumba yomwe anaipeza ili kutali, moti kupita kuchipatala amayenera kukwera minibasi ziwiri. Ndinapita kukamuona ndi akazi anga, titanyamula ufa ndi sopo, n'kumupempha kuti ndizimulipirira ulendowo mpaka mwana atatuluka. Anakana kawiri, kachitatu anati ndizipereka ya minibasi imodzi yokha, inayo azidzionera yekha. Mwanayo anatuluka m'chipatala ali pa njinga ya olumala, ndipo banja lonse linabwerera kumudzi nyengo yodzala isanafike.